Funsani Azakhali: Thadzi langa lakalamba, nditani nalo?

Sabata ino bokosi langa ladzadza ndi nkhani za nkhuku zokalamba zokhazokha, kaya mwapangana kaya bwanji. Chiyambireni kutchula mwezi watha kuti kwanga kuli thadzi la zaka 8 lomwe limagona mkatoni kukhitchini, mameseji akungobwera, ena kundiseka ena kufunsa zenizeni. Oseka aja ndawasiya kaye. Tiyeni kwa ofunsa.

Funso loyamba lachokera ku Chilomoni

Zakhali, mayi anga anamwalira chaka chatha nde anandisiira thadzi lachikuda lomwe amalikonda kwambiri, timalitchula kuti Mayi Busa chifukwa limayenda mwaulemu. Lili ndi zaka pafupifupi 7. Linasiya kuikira, madzulo likulephera kudumphira mkhola, limangokhala pansi pa khola mpaka ana alinyamule. Bambo akunyumba akuti ndikungoononga madeya, bola tidye isanafe yokha. Ine mtima sukulola. Kodi ndikupusa?

Yankho

Mwana wanga, simukupusa ayi. Komanso bambowo musawaone ngati ankhanza, akulankhula mmene tonse tinakulira, kuti nkhuku ikasiya kuikira yatsala ndi ulendo umodzi basi, wa mpoto, makamaka alendo akabwera kapena pa Khirisimasi. Ndiye chifukwa chake ambirife sitinaonepo nkhuku yokalamba, timayesa nkhuku imatha zaka ziwiri zitatu, chonsecho ikasamalidwa imafika zaka 6 mpaka 8 bwinobwino ndipo zachikuda zina zimadutsa 10. Ku Michigan ku America kunali kathadzi kena dzina lake Peanut kanalowa mbuku la Guinness chifukwa cha ukalamba wake, kanafa mu Disembala 2023 kali ndi zaka 21. Nde Mayi Busa pa zaka 7 ndi gogo inde koma sikuti ali pakhomo la manda.

Za madeya zo tiyeni tiwerengere limodzi. Thadzi limodzi limadya magalamu 100 mpaka 120 patsiku, ndiye kuti kadzanja kamodzi kodzadza ndi pang'ono, ndipo lachikuda loyenda pabwalo theka limatola lokha. Pamwezi sizifika olo makilo 4. Awuzeni bambo kuti thadzi lokalamba silidya zaulere, limakhala maso pa kamtema kuposa misoti yopusayi, likangolira kamodzi zonse zili pansi pa ngolo kapena mmaluwa, ndipo ena mwa mathadzi akalewa olo anasiya kuikira amafungatirabe mazira a anzawo ndikulera anapiye. Langa lija linaswa mazira a nkhanga lili ndi zaka 6.

Tsopano zochita. Kulephera kudumpha kuja nthawi zambiri ndi mafupa, mawondo ndi mfundo za miyendo zimauma ngati agogo athu omwewa mmawa kukazizira. Khola lathu la m'mwamba lija la makwerero awiri otalikana ndi la achinyamata. Muyikireni thabwa lotsetsereka, mukhomerepo timitengo topingasa motalikana ngati zala zinayi kuti asamaterereke, kapena mungomupangira pogona pake pansi, katoni kapena dengu lakale, mkati muyale udzu wouma kapena utuchi wa matabwa wokhuthala bwino. Ngati akufunabe kugona pamtengo, poti nkhuku imamva kuti ndiyotetezeka ikakhala pamwamba, mtengowo ukhale wotambalala, osapyola masentimita 30 kuchoka pansi. Chomwe chimapweteka kwenikweni si kukwera koma kutsika, kugwa ndi thupi lonse pa miyendo yotha kale. Koma chonde pogona pansipo pakhale potseka, linthumbu, makoswe, likongwe ndi agalu a eni ake sadziwa kuti uyu ndi Mayi Busa.

Chinthu chomwe ndimauza aliyense, ndipo ngati muiwale zina zonse ichi chokha musaiwale: muzimunyamula kamodzi pa sabata ndikumupapasa pachidali. Nthenga zimanama. Nkhuku itha kuoneka yonenepa chonsecho mkati yatha, poti mwachibadwa imabisa matenda kuopa kujomphedwa ndi anzake. Pakati pa chidali pali fupa lalitali lija timalimbirana pa nsima, likamamveka lakuthwa ngati mpeni mbali zonse mulibe mnofu, dziwani kuti mwina sakudya mokwanira kapena pali chikumudya mkati. Mmawa asanadye papasaninso chithokomiro, chiyenera kukhala chophwa. Chikakhala chodzadzabe cholimba ngati mwala, kapena chofewa ngati chibaluni cha madzi ndipo mkamwa mukununkha chowawasa, chakudya sichikutsika, apo pitani naye kwa alangizi a ziweto.

Kudya azidya payekha kaye kwa mphindi zochepa, misoti imalanda ndipo gogo sathamanga. Madeya okha si chakudya, ndi ngati munthu kudya nsima yopanda ndiwo chaka chonse. Sakanizani ndi soya wokazinga wosinja, osati wamuwisi poti wamuwisi amalepheretsa kugaya bwino, kaufa ka bonya kapena mitu ya usipa yopanda mchere wambiri, masamba ngati chisoso, bonongwe, nkhwani, ndipo chiswe kapena ngumbi zikapezeka ndiye phwando. Munyowetseko ndi madzi ofunda kuti zikhale phalaphala. Chimanga chachuku chija timati tipatse nkhuku musayerekeze, chimaononga chiwindi. Ndipo poti anasiya kuikira safunikiranso layazi mashi, muli laimu wambiri wopangira chigoba cha dzira, nkhuku yosaikira amangoilemetsa impso. Bola growazi, chakudya cha nkhuku zomwe zikukula, zigoba za mazira zokazinga zosinja muziika pambali kuti zomwe zikuikira zizitola zokha.

Katemera wa chitopa musamudumphe poti wakalamba. Uja wa I-2 wodonthezera mdiso, dontho limodzi miyezi 4 iliyonse, makamaka nyengo yotentha isanafike. Thadzi mwalisunga zaka 7 lisapite ndi chitopa chobwera ndi tambala wogula pamsika wa Lunzu.

Funso lachiwiri ndi lalitali, lachokera ku Leeds, UK

Zakhali ndimawerenga pa foni ndikaweruka, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno. Anzanga akuntchito anandikopa ndinatenga nkhuku 3 zopuma pantchito ku mafamu a mazira, zinabwera zometeka ngati zathiridwa kale madzi otentha kkkk koma pano zinamera. Papita chaka ndi theka. Imodzi mimba yatupa, ikuyenda chotang'aza ngati mayi wa miyezi 9, mchira uli pansi, nthawi zina imaikira dzira lopanda chigoba. Ndimazipatsa nsima yotsala ndi mpunga. Kumudzi akundiseka kuti ndikufuna kupita ndi nkhuku kuchipatala. Nditani?

Yankho

Achemwali, asekeni nawo koma ku vet ko pitani, mawa lomwe ngati shifiti ikulola. Ndifotokoze kaye kwa owerenga a kuno kumudzi omwe akudabwa kuti nkhuku kupuma pantchito nde chani. Ku Britain nkhuku za mazira za mmafamu zikafika masabata pafupifupi 72 mazira amayamba kuchepa nde eni famu amazichotsa zonse kukapha. Kuli bungwe lotchedwa British Hen Welfare Trust, analiyambitsa mayi Jane Howorth mu 2005 ku Devon, limatenga zina mwa nkhukuzi ndikuzipereka kwa anthu kuti akazisunge kuseri kwa nyumba ngati mmene ena amasungira galu kapena mphaka. Mu 2024 anakwanitsa nkhuku 1 miliyoni, ndipo ya nambala imeneyoyo inapita kwa Mfumu Charles ku Highgrove. Ndiye achemwali athuwa sali okha pa misala imeneyi, ali ndi mfumu yomwe.

Vuto la nkhuku zimenezi ndi loti thupi lake analipanga kukhala fakitale. Nkhuku yakutchire ya ku Asia komwe nkhuku zonse zinachokera imaikira mazira 10 mpaka 15 pachaka. Yachikuda yathu imaikira mwina 40 kapena 50, kenako imafungatira masiku 21, kulera ana, thupi limapuma. Koma yofiira ya hayibulidiyi imaikira pafupifupi 300 pachaka osapuma, ndipo chigoba chilichonse chimafuna kashiyamu wokwana magalamu 2, akachepa mchakudya imachotsa mmafupa ake omwe. Nde pa zaka 3 yanuyo ndi nkhalamba kale pomwe yachikuda ya zaka 3 ikadali mtsikana. Zimathyoka msanga mafupa, ndipo njira ya mazira ndi yomwe imayamba kutha.

Zomwe mwafotokozazo zitha kukhala zinthu zingapo ndipo pa foni sindingakuuzeni kuti ndi ichi. Litha kukhala dzira lokakamira panjira, apo nkhuku imakhala ikukankha, kulowa ndikutuluka mchisa, ndipo izi zimapha pa tsiku limodzi kapena awiri. Chithandizo choyamba ndikuikhazika mbeseni la madzi ofunda, ofika pamimba, kwa mphindi 15 kapena 20, kuipukuta bwino, kupaka Vaseline potulukira dzira ndikuisiya pamalo a mdima pofunda. Osafinya, dzira likaswekera mkati mwaonjeza moto. Koma poti mwati mimba yatupa ndipo nthawi zina imaikira dzira lopanda chigoba, ine ndikukaikira kwambiri kuti yolk, chikasu chija, ikugwera mmimba mmalo molowa mnjira yake nde ikuola momwemo, kapena mmimba mwadzadza madzi chifukwa cha mtima, chiwindi kapena chotupa. Zotupa za mchiberekero ndi zofala kwambiri pa mathadzi oikira kwambiri akakula. A vet amatha kupopa madziwo, kupereka mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu, ndipo ena amaika kakanthu kangati kambewu ka mpunga pansi pa khungu, dzina lake Suprelorin, kamaimitsa kuikira kwa miyezi ingapo kuti thupi lipume. Titi kulera kwa nkhuku. Ndikodula, funsani mtengo musanavomere, ndipo funsaninso za mazira ndi nyama yake chifukwa nkhuku yolandira mankhwala otere siidyedwa. Poimba foni funsani ngati ali ndi dokotala woona mbalame, si onse, ambiri anazolowera agalu ndi amphaka.

Tsono za nsima yotsalayo, pepani ndikukhumudwitsani. Ku UK ndi mlandu kupatsa nkhuku chakudya chomwe chadutsa mkhitchini, olo ikhale nkhuku imodzi ya dzina, pokhapokha ngati pakhomopo simudya chilichonse chochokera ku nyama, zomwe kwa Mmalawi ndikukaika. Lamuloli linakhwima pambuyo pa mliri wa matenda a zilonda za mkamwa ndi mmapazi a ng'ombe mu 2001. Ndipo olo lamulo likanapanda kukhalapo, nsima ndi mpunga zimangokhutitsa, nkhuku imasiya fidi yake yomwe muli kashiyamu, mapeto ake ndi mazira ofewa omwewo. Ziwiri zomwe zikuikirazo zipatseni layers pellets ndi zigoba za oyster pambali. Komanso kuyambira pa 1 Okutobala 2024 aliyense woweta mbalame ku England ndi Wales, olo imodzi, ayenera kulembetsa ku APHA, nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, ndi zaulere pa intaneti, nde amakutumizirani uthenga chimfine cha mbalame chikabuka kuti muzitsekere. Ngati simunalembetse chitani lero.

Kachinthu kena, nyengo yozizira yakwanuko ikafika: musaziveke majuzi. Ndimaona zithunzi pa Facebook nkhuku zili mu juzi yoluka, zokongola zedi, koma nkhuku imadzifunditsa pofufumitsa nthenga, juzi imaletsa zimenezo, ikanyowa ndiye kuzizira kwenikweni, komanso imathyola nthenga zomwe zikumera. Chofunika ndi khola louma, mpweya uzidutsa kumwamba koma mphepo isaziombe pomwe zagona.

Wa ku Dedza walemba mwachidule

Nkhuku yanga ya mikolongwe ya zaka 6 maso onse achita mtambo, ikujompha pambali pa mbale. Ingakhale moyo?

Yankho

Ingakhale, ndipo bwinobwino. Onani kaye kuti si matenda: ngati maso atupa, akutuluka mafinya kapena thovu, ikuyetsemula, kapena kumaso ndi palipombo pali tizilonda ta nkhanambo, imeneyo ndi nkhani ya alangizi a ziweto ndipo ipatuleni kwa zinzake. Koma ngati ndi mtambo woyera chabe mkati mwa diso ngati ng'ala ya agogo, palibe mankhwala odonthezera angachotse, ndipo chonde musathiremo madzi a fodya, tsabola kaya shuga, mungoizunza. Ipangireni kampanda kakang'ono, mbale ya chakudya ndi ya madzi zikhale malo amodzimodzi tsiku lililonse osasuntha olo pang'ono, mbale yakuya yodzadza kuti paliponse yajompha ipeze kanthu, yolemera kuti isagubuduke. Pothira chakudya muzigogoda mbaleyo ndi chala, masiku atatu okha izidziwa kuti kugogoda ndi nkhomaliro. Muzilankhula musanaigwire isadzidzimuke. Muyiikire mnzake mmodzi wofatsa, imatsatira phokoso la mnzake akamadya. Tambala ayi. Ndipo kutchire yokha isapite poti kamtema siingamuone.

Funso lochokera ku Chipata, Zambia

Azakhali muli bwanji. Nkhuku ya mwana wanga wamkazi, anapatsidwa ndi ambuye ake ali sitandade 1 pano ali fomu 1, ikutsimphina. Pansi pa phazi patupa pali kachipsera kakuda, miyendo yonse mamba atukuka ngati khungwa la mtengo. Masiku ena imangogona chammbali. Anzanga akuti ndiipatse kapisozi ndi Panado, ena akuti ndiviike miyendo mu oyilo wakuda wa galimoto. Mwana akulira daily.

Yankho

Ndili bwino bambo, kaya inu kumeneko. Oyilo wa galimoto mmusiye mgalimoto, parafini naye ayi, zimaotcha khungu ndipo nkhuku imadzikonza ndi mlomo nde imameza. Apa muli ndi mavuto awiri osiyana.

Mamba otukukawo ndi tinthata tating'ono tosaoneka ndi maso timene timakumba pansi pa mamba, ndipo timakonda nkhuku zachikulire. Viikani miyendo mmadzi ofunda a sopo pang'ono, tsukani ndi mswachi wakale mofatsa, pukutani, kenako pakani Vaseline wambiri kuchokera ku zala kupita mmwamba kuti alowe pansi pa mamba. Amatitsamwitsa. Bwerezani masiku awiri kapena atatu aliwonse kwa mwezi wathunthu, osamatula nkhanambo ndi zikhadabo, ituluka magazi. Miyendo siisalala msanga, pamatenga miyezi, koma kuyabwa kumasiya. Zinzake zionaninso, ndipo mkhola musese, muotche zinyalala, muthire phulusa. Vaseline yemweyo amathandizanso utitiri uja umamatirira kumaso ndi palipombo.

Kachipsera kakuda pansi pa phazi ndiye nkhani yaikulu. Inabayidwa ndi minga, waya kapena inatera pamwala, tizilombo tinalowa, mkati mwapanga chithupsa, ndipo mafinya a nkhuku si amadzi ngati athu, amauma ngati chimanga chophika nde safinyika. Ngati kakadali kakang'ono, viikani phazi mmadzi ofunda a mchere mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse, pakani ayodini, pangani kankhata kakang'ono ka nsalu ngati kosenzera mtsuko koma kolowa pachala, muike kuti chilonda chikhale pakati pa bowo chisagunde pansi, kenako kulungani bandeji kudutsa pakati pa zala osamangitsa. Zala zikazizira kapena kutupa mwamangitsa, masulani. Sinthani tsiku lililonse, isaponde matope. Nthawi zina pakatha masiku chipseracho chimafewa ndikutuluka ndi phata lake. Koma ngati kutupa kwafika pamwamba pa phazi kapena mwendo ukutentha, osatenga lezala kuyamba opaleshoni pakhonde monga mmene ena akuonetsera pa YouTube, nkhuku imamva kuwawa olo siikuwa. Pitani ku ofesi ya vet. Musambe mmanja mukamaliza, tizilombo take timagwiranso anthu.

Makapisozi a anthu aja ndimakana. Simudziwa mulingo, simudziwa ngati akugwirizana ndi matendawo, mumapereka masiku awiri nkusiya, mapeto ake tizilombo timazolowera, ndipo mankhwalawo amatsalira mmazira omwe mwana yemweyo adye. Mankhwala a ululu oyenera mbalame alipo, a vet ndi omwe angakupimireni molingana ndi kulemera kwake.

Pa masiku omwe ikugona chammbali ipangireni mpando. Tengani katoni yolimba kapena beseni lakale lobooka, mangani chitenje pamwamba ngati kamachila kolendewera pang'ono, boolani mabowo awiri a miyendo ndi limodzi kumbuyo la zitosi. Ikhazikeni kuti chidali chitsamire pansalu, mapazi azingokhudza pansi. Kutsogolo mangirirani timakapu tiwiri, chakudya ndi madzi. Ine ndinapangira langa ndi dengu la tomato ndi chitenje cha chipani chomwe chinaluza, linakhala mmenemo ngati bwana pa ofesi likuyang'ana anthu odutsa. Maola awiri atatu kenako itulutseni, muipinde ndikuongola miyendo pang'onopang'ono, igone pa zofewa. Kumbuyo muziyang'ana tsiku lililonse, zitosi zikamatirira dulani nthenga ndi sizasi ndikutsuka, nyengo yotentha ntchentche zimaikira pomwepo ndipo mphutsi zimadya nkhuku yamoyo tsiku limodzi lokha. Ikakana kumwa, donthezani madzi mmbali mwa mlomo izimeza yokha, osapopera ndi sirinji pakati pa kamwa chifukwa bowo lopumira lili kuseri kwa lilime pomwepo, mutha kuimiza mmanja mwanu.

Ntchito zimenezi mpatseni mwanayo azichita yekha akaweruka kusukulu, kulira kuchepa akakhala ndi chochita. Ndipo anzake akamamuseka za nkhuku yotsimphina awauze kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Kanthu kena kwa ena owerenga: ngati yopuwala ndi msoti wa miyezi yochepa, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo ngati ikuchita masewera, amenewo kawirikawiri ndi matenda a Marek, alibe mankhwala, ndi nkhani ina yosiyana ndi ya ukalamba.

Ili ndalikonda, lachokera ku Nkhotakota

Zakhali thadzi lathu lakale layamba kulira ngati tambala mbandakucha, lipombo lakula. Apongozi akuti ndi malodza liphedwe msanga lisanatenge munthu. Zoona?

Yankho

Apongozi muwapatse ulemu wawo, nanenso ndinakula ndikumva zomwezo ndipo thadzi lotere kwathu silinkaona dzuwa kulowa. Koma nkhani yake ili mmimba mwa nkhukuyo. Thadzi limagwiritsa ntchito chiberekero cha mazira chimodzi chokha, chakumanzere, chakumanja chimangokhala chogona chiyambire lili mdzira. Chakumanzerecho chikaonongeka ndi ukalamba, chotupa kapena matenda, mahomoni achikazi amatsika, chogona chija chimadzuka ndikuyamba kutulutsa achimuna. Nde lipombo limakula, nthenga za mkhosi zimatha kusongoka zikamera zatsopano, liwu limasintha, mazira basi. Nthawi zinanso pakhomo pakakhala popanda tambala thadzi lalikulu limangodzitengera udindo ndikumalira, kulira kwake kosamveka bwino ngati wailesi yotha mabatire. Palibe amene afe. Chokhacho poti mwina mkati muli chotupa, muzilipapasa pachidali ndi pamimba monga ndanenera kumtunda kuja. Ngati mtendere wa pabanja ukuvuta, kalisungitseni kwa achemwali anu, kusiyana ndikukangana ndi apongozi chifukwa cha nkhuku.

Lomaliza, wolemba sanafune kutchula komwe ali

Ndayesa zonse, thadzi langa la zaka 9 silikudya masiku 4, likupuma ndi kukamwa, maso otseka. Ndikuopa kulipha, ndikuopanso kulisiya. Ndidziwa bwanji kuti nthawi yakwana?

Yankho

Pepani kwambiri. Ine ndimayang'ana zinthu zochepa: kodi ikudya yokha, olo chomwe imakonda kwambiri? Ikutha kudzutsa mutu ndikuyang'ana zomwe zikuchitika? Ikudzikonza nthenga, ikuothera dzuwa, ikuyankha mukaiitana? Nkhuku yakhungu kapena yopuwala yomwe ikulimbirana chiswe ikufunabe moyo, isiyeni. Koma yomwe yavala jekete, yakana chakudya ndi madzi masiku angapo, ikuvutika kupuma, lipombo lada, imeneyo kuisunga ndikusungira mtima wanu osati iyo ayi. Mmene mwafotokozeramu ine ndikuona kuti yafika.

Ngati muli ku Lilongwe a LSPCA ali ndi chipatala cha ziweto, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo madokotala a ziweto amatha kuigoneka ndi jekeseni osamva kanthu. Ngati muli kutali, pemphani munthu wodziwa kupha nkhuku mwachangu, wa dzanja lokhazikika ndi mpeni wakuthwa, osati mwana wophunzira, achite mbandakucha kapena usiku ili phee, inu mutha kuchokapo palibe angakuimbeni mlandu. Musaidye, musapatse agalu, simukudziwa chomwe chaidwalitsa, ndipo yobayidwa jekeseni ija ndi poizoni kwa chilichonse chomwe chingaidye. Kumbani dzenje lakuya kufika mchiuno kutali ndi chitsime, pamwamba muikepo mwala. Ngati zinzake nazo zayamba kuzyolika, kutsegula zobiriwira kapena kupinda khosi, chimenecho chitha kukhala chitopa osati ukalamba, dziwitsani alangizi msanga ndi aneba omwe.

Langa loyamba, mayi wake wa ili la mkatonili, ndinachedwa nalo masiku awiri chifukwa cha mantha omwewa ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tinalikwirira pansi pa mtengo wa mapapaya, mdzukulu wanga anaumirira kuti tiikemo chitsononkho cha chimanga chokazinga poti ndi chomwe linkamulanda mmanja.

Mwezi wamawa tikamba za abakha, pali bambo wina wa ku Salima wanditumizira mavoisi 6 za bakha wake yemwe akuthamangitsa ana a sukulu.